Mtima wadzuka, nanga ubongo? Tisalole odwala athu atenthe thupi

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tikambe nkhani imene imathera m'mawodi osafika kwa anthu. Ndife ogwira ntchito zachipatala kuno kuchigwa cha Shire, ndipo tikulemba pamene yayandikira miyezi ya Okutobala ndi Novembala, imene ku Ngabu, Nchalo ndi Bangula kutentha kumapitirira madigiri 40. Nkhani yake ndi ya munthu amene mtima wake unaima, anthu n'kumupsinja pachifuwa mpaka mtimawo kuyambanso kugunda, koma iye osatsitsimuka. Ali chikomokere, akupuma ndi makina kapena akupumitsidwa ndi ambu bag, thumba lofinya ndi manja lomulowetsera mpweya m'mapapo, ndipo achibale ali pakhonde kufunsa kuti, "Kodi adzuka?" Yankho lake limadalira kwambiri zimene tichite m'masiku atatu oyambirira. Pa zimenezo pali ziwiri zomwe timazitenga mopepuka: kutentha kwa thupi la wodwalayo, ndi kagundidwe ka mtima wake.

Magazi akasiya kuyenda, munthu amakomoka m'masekondi ochepa, ndipo ubongo umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi 4 kapena 5. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kuwonongekaku sikuthera pomwe mtima wayambiranso. Magazi akabwerera, maselo a ubongo amene anasowa mpweya amatupa, kashiamu amalowa m'kati mwake mopitirira muyeso, ndipo amapitiriza kufa kwa maola ngakhale masiku. Kutentha kwa thupi kuli ngati kuthira palafini pamoto umenewo. Thupi likatsika ndi digiri imodzi, ubongo umachepetsa kufuna kwake mpweya ndi shuga ndi magawo 6 kapena 7 pa 100. Likakwera, umafuna zochuluka pa nthawi imene sungathe kuzigwiritsa ntchito. Madokotala a ku Vienna anaonetsa mu 2001 kuti pa digiri iliyonse yopitirira 37, chiopsezo choti wodwala asadzachire bwino ubongo chimakwera kuposa kawiri.

Apa ndi pamene panachokera nzeru yoziziritsa odwala. Mu 2002 magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa magulu awiri. La ku Ulaya linali ndi odwala 275. Amene anawaziziritsa kufika madigiri 32 mpaka 34 kwa maola 24, 55 mwa 100 aliwonse anachira bwino ubongo, pamene mwa osaziziritsidwa anali 39. La ku Melbourne, lotsogozedwa ndi Stephen Bernard, linali ndi odwala 77 ndipo linapeza 49 poyerekeza ndi 26. Dziko lonse lapansi linathamangira madigiri 33. Koma mu 2013 kafukufuku wa TTM, wa odwala oposa 900, anapeza kuti 33 ndi 36 sizikusiyana. Mu 2021 anabwera TTM2, wa odwala pafupifupi 1,900: theka anawaziziritsa kufika 33, theka lina anangowateteza kuti thupi lisatenthe, kuyamba kuchitapo kanthu likafika 37.8. Patatha miyezi 6, omwalira anali 50 pa 100 ku gulu loyamba ndi 48 pa 100 ku lachiwiri. Ndipo kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima kogwetsa BP kunachuluka mwa oziziritsidwa, 24 pa 100 poyerekeza ndi 17. N'chifukwa chake mu 2022 mabungwe a ku Ulaya oona za kutsitsimutsa odwala ndi chisamaliro cha odwala kwambiri analangiza kuti chofunika ndi kuyeza kutentha kwa m'kati mwa thupi mosalekeza, ndi kuonetsetsa kuti sikupitirira 37.7 kwa maola osachepera 72.

Ife tikuona kuti uphungu umenewu ukutikomera anthu a kuno kuposa wina aliyense. Kutsitsa munthu kufika 33 kumafuna makina opumira, mankhwala ogonetsa osadukiza, kuyeza potaziyamu kangapo patsiku, namwino mmodzi pa wodwala mmodzi, ndi magetsi osazima. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaimitsa malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuziziritsa kwa theka, lero 33 mawa 38 chifukwa madzi oundana asungunuka, n'koipa kuposa kusayamba kumene. Chenjezo lina linachokera kwa makanda. Kafukufuku wa HELIX wa mu 2021, amene anachitika ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh pa ana 408 obadwa atabanika, anapeza kuti mwa oziziritsidwa anamwalira 42 pa 100, mwa osaziziritsidwa 31, chonsecho njira yomweyo imathandiza ana m'mayiko olemera. Komanso odwala athu si ofanana ndi a mu 2002 aja, amene ambiri mitima yawo inaima chifukwa cha matenda a mtima weniweniwo ndipo inadzutsidwa msanga ndi shoko ya magetsi. Kuno mtima umaima chifukwa munthu wamira mu Shire, waombedwa ndi mphenzi, wamwa Temik kapena mankhwala opopera thonje, wataya magazi pobereka, kapena wabanika ku fiyeta. Choncho cholinga chathu chikhale chimodzi, chotheka: pakati pa 36 ndi 37.5, usana ndi usiku, masiku atatu.

Koma chothekacho sichophweka m'wodi ya denga la malata dzuwa likuswa mtengo. Poyamba, muyezo. Themomita ya m'khwapa ndi ija yolozetsa pamphumi zimanama pa wodwala wotere, makamaka mukamunyowetsa khungu kapena mwaika madzi oundana m'khwapamo. Mamonita ambiri ali ndi polumikizira chingwe choyezera kutentha. Chingwecho chilowe kummero, nsonga yake ikafike kuseri kwa mtima, kapena chikhale cha m'paipi ya mkodzo. Zikasowa zimenezi, yezani kotulukira chimbudzi, koma dziwani kuti muyezo wa kumeneko umachedwa. Thupi likamasintha msanga umatsalira m'mbuyo. Lembani ola lililonse, pa pepala lomwelo limene mukulembapo kugunda kwa mtima ndi BP, kuti mizere itatuyo izioneka pamodzi.

Chachiwiri, fani payokha. Mpweya wa m'chipinda ukatentha kuposa khungu, ndiye kuti ukapitirira madigiri 35, fani imangomuuzira wodwala moto. Imathandiza pokhapokha khungu litanyowa. Vulani wodwala, m'fundeni chitenje chimodzi chopyapyala chonyowetsedwa ndi madzi a pampopi, fani iziomba pamenepo, ndipo muzinyowetsanso chikangoyamba kuuma. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mpweya wa kuchigwa umakhala wachinyontho, madzi sauma msanga ndipo njirayi imafooka. Apo m'pofunika mabotolo a madzi oundana. Akulungeni m'nsalu, aikeni m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'mbali mwa khosi, ndipo pakatha mphindi 20 zilizonse asuntheni n'kuona khungu, chifukwa munthu wachikomokere sangadandaule pamene khungu lake likupsa ndi chisanu. Panado aperekedwe magalamu 1 pa maola 6 aliwonse, osapitirira magalamu 4 patsiku, ndipo kwa wolemera kuchepera makilogalamu 50 muwerengere mamiligalamu 15 pa kilogalamu. Diclofenac ndi ibuprofen tizipewe, pakuti impso za munthu ameneyu nazonso zinasowa magazi. Madiripi ozizira kwambiri othamangitsidwa msanga, amene kale ankalimbikitsidwa, anaonetsa ku Seattle mu 2014 kuti amadzaza madzi m'mapapo ndipo mtima umaimanso mwa odwala ochulukirapo. Musawagwiritse ntchito mu ambulansi.

Ndipo funani chimene chikutenthetsa thupilo. Kuno malungo ali paliponse, choncho yezani magazi, ndipo akapezeka perekani artesunate wa mu mtsempha, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu, pa ola loyamba, pakatha maola 12, ndi pakatha 24. Wodwala amene anamira kapena kusanza nthawi yomupsinja pachifuwa amadwala chibayo tsiku lachiwiri kapena lachitatu; kwezani kumutu kwa bedi madigiri 30 ndipo muzimvetsera pachifuwa kawirikawiri. Magadiyani afotokozereni bwino, chifukwa mwambo wathu ndi wakuti wodwala akamanjenjemera timamufunditsa bulangeti, ndipo amatero chifukwa cha chikondi. Auzeni kuti bulangetilo likuvulaza ubongo, ndipo apatseni ntchito yonyowetsa chitenje. Amaigwira mokhulupirika.

Kunjenjemerako ndi mdani weniweni. Minofu ikamanjenjemera imapanga kutentha ndipo imadya mpweya wochuluka, ndiye zonse mwachita zija zimapita pachabe. Kumayambira m'nsagwada ndi m'khosi kusanaoneke m'manja. Ikani dzanja pansagwada ola lililonse, ndipo mukaona mzere wa ECG, wojambula kagundidwe ka mtima, ukuchita manyirinyiri, ganizani za kunjenjemera. Kufunditsa manja, mapazi ndi nkhope zokha kumachepetsa kunjenjemera popanda kutenthetsa m'kati. Pethidine wochepa, mamiligalamu 25 mpaka 50, amakuletsa bwino, koma ngati impso sizikutulutsa mkodzo angayambitse kukomoka kwa khunyu. Magnesium sulphate, yemwe uja wa kuchikuta, amathandizanso, koma amagwetsa BP, choncho aperekedwe dokotala ali pomwepo.

Tsopano za mtima, zimene kwenikweni zatilembetsa kalatayi. Mtima uli ndi kachigawo kake koyambitsa kugunda, kumtunda kwa chipinda cha kumanja. Kachigawoka katasiyidwa pakokha kamagunda pafupifupi ka 100 pamphindi. N'chifukwa chake munthu woikidwa mtima wa wina, umene mitsempha yake ya uthenga inadulidwa, mtima wake umathamanga chotero ngakhale atakhala pansi. Chimene chimautsitsa kufika 60 kapena 70 ndi mtsempha wa uthenga wotchedwa vagus, wochokera patsinde la ubongo n'kutsika m'khosi. Palinso mitsempha ina yofulumizitsa, yotchedwa sympathetic, imene imadzuka munthu akachita mantha kapena akataya magazi. Yonse iwiri imagwira ntchito mwini thupi osadziwa. Ganizani za dalaivala wodziwa ntchito akutsika chitunda cha Thabwa. Phazi lake silichoka pa buleki: amaponda pang'ono, kumasula, kupondanso, pa khona iliyonse. Vagus imachita chimodzimodzi, ndipo imayankha msanga kwambiri, pa kugunda komweko kapena kotsatira, pamene mitsempha yofulumizitsa imatenga masekondi angapo. Pokoka mpweya buleki imamasuka, mtima n'kufulumira pang'ono, potulutsa imapondedwanso.

Zotsatira zake n'zakuti mtima wa munthu wathanzi sugunda ngati wotchi. Mpata wa pakati pa kugunda kumodzi ndi kunzake umasinthasintha, ndipo kusinthasinthako ndi kumene madokotala amakutcha heart rate variability, mwachidule HRV. Azamba athu amazidziwa kale izi. Pa makina omvera mtima wa mwana ali m'mimba, mzere wabwino umavinavina ndi kugunda 5 mpaka 25 pamphindi, ndipo mzere wowongoka bii umawachititsa mantha ngakhale nambala itakhala 140. Kwa wamkulu ndi chimodzimodzi. Mu 1987 Robert Kleiger ndi anzake anapeza kuti mwa odwala amene anatsekeka mitsempha ya magazi ya mumtima, omwe HRV yawo ya tsiku lonse inali pansi pa mamilisekondi 50 (mamilisekondi 1,000 ndi sekondi imodzi) anali pachiopsezo cha imfa choposa kasanu poyerekeza ndi omwe inapitirira 100. Tsinde la ubongo likafa, kusinthasinthako kumazimiririka pafupifupi konse, ndipo atropine, mankhwala otseka vagus, sakwezanso kugunda kwa mtima, chifukwa palibenso buleki yoti amasule.

Kawerengedwe kake si kovuta. Tiyerekeze kuti mipata isanu yotsatizana ndi mamilisekondi 1,000, 1,040, 980, 1,030 ndi 990. Kusiyana kwa mpata uliwonse ndi unzake ndi 40, 60, 50 ndi 40. Chulukitsani nambala iliyonse ndi iyo yomwe, phatikizani, mupeza 9,300. Gawani ndi 4, kenako dinani batani la square root pafoni. Yankho ndi 48. Muyezo umenewu umatchedwa RMSSD ndipo umaonetsa makamaka ntchito ya vagus. Tengani mtima wina wa mipata 600, 602, 599, 601 ndi 600: yankho ndi 2. Mtima wachiwiriwu ukugunda ka 100 pamphindi, mowongoka bwino, ndipo wosadziwa angati uli bwino kuposa woyamba uja. Koma ndi galimoto imene ikutsika Thabwa dalaivala atachotsa phazi. Palinso muyezo wa SDNN, woonetsa kumwazikana kwa mipata yonse, ndi wina wogawa kusinthasinthako m'mafunde ochedwa ndi ofulumira. Malamulo a kayezedwe konseka anakhazikitsidwa mu 1996 ndi mabungwe a madokotala a mtima a ku Ulaya ndi ku North America, ndipo amafuna kujambula kwa mphindi 5 kapena maola 24.

Nanga mwa odwala oziziritsidwa zimakhala bwanji? Mu 2009 Marjaana Tiainen ndi anzake ku Helsinki anatulutsa zotsatira za odwala 70 amene anawaveka makina ojambula mtima tsiku lonse. Oziziritsidwa kufika 33 anali ndi HRV yokwera pa tsiku loyamba kuposa osaziziritsidwa, ndipo mwa oziziritsidwawo, amene HRV yawo inasungika pa tsiku lachiwiri ndi amene ambiri anachira bwino. Ku Oslo mu 2014 ndi ku Copenhagen mu 2015 anapeza chinthu chofanana nacho chimene sichifuna kompyuta: odwala amene mtima wawo unatsika n'kumagunda pang'onopang'ono nthawi yozizira, ngakhale pansi pa 50 pamphindi, anachira bwino ochuluka kuposa amene mtima wawo unapitiriza kuthamanga. Tanthauzo lake n'lakuti thupi limene likumvabe kuzizira n'kuyankha ndi thupi limene ziwongolero zake zikadalipo.

Pamenepa ndi pamene timalakwitsa. Monita ikalira kuti mtima uli pa 46, dzanja limathamangira atropine. Imani kaye. Onani BP yapakati, imene mamonita amailemba kuti MAP: ngati ili 65 kapena kuposa, ngati mkodzo ukutuluka theka la mililita pa kilogalamu pa ola, kutanthauza mamililita 30 kwa munthu wa makilogalamu 60, ndipo mzere wa ECG ukuonetsa kuti kugunda kulikonse kukuyambira pamalo pake, usiyeni mtimawo. Kuchedwa kobwera ndi kuzizira kumachokeranso m'maselo a mtima momwe, choncho atropine kawirikawiri sathandiza, ndipo kukwapula mtima wovulala ndi adrenaline kuti nambala ikongole kumangouwonjezera katundu. Ngati BP ndi mkodzo zikutsika, kwezani kutentha pang'ono kulowera ku 36. Mtima umene uyenera kukudetsani nkhawa ndi umene uli pa 115 kapena 120 osasuntha, thupi lisakutentha. Pamenepo funani magazi otayika, madzi ochepa m'thupi, tizilombo m'magazi, ululu, kunjenjemera, kapena khunyu losaoneka kunja.

Wodwala amene wafika thupi lili lozizira kale, pa 33 kapena 35, monga wovuulidwa m'madzi osefukira, musamutenthetse dala. M'lekeni akwere yekha, inu muzingoyang'anira kuti asapitirire 37.5. Wotsika pansi pa 32 ndi nkhani ina, ayenera kufunditsidwa, ndipo pansi pa 30 mtima umasokonekera ngakhale pomutembenuza mwamphamvu. Kulikonse kumene thupi likukwera, lisapitirire kota kapena theka la digiri pa ola. Pozizira potaziyamu amalowa m'maselo ndipo mkodzo umachuluka, muyezo wake n'kutsika, pofunda amatulukanso. Mukapitiriza diripi ya potaziyamu nthawi yofunda, mungaimitse mtima umene munavutika kuudzutsa. Shuga nayenso amakwera pozizira n'kugwa pofunda, makamaka ngati munapereka insulini. M'sungeni pakati pa 7.8 ndi 10 mmol/L. Kuzizira kumatalikitsanso gawo la QT pa ECG, nthawi imene mtima umatenga kuti ugunde n'kukonzekera kugunda kwina, choncho kwinini, erythromycin ndi haloperidol, amene nawonso amalitalikitsa, apewedwe ngati pali ena olowa m'malo. Wogwa ndi dzuwa m'munda, thupi lili pa 40 kapena 41, musamusokoneze ndi zonsezi: ameneyo amafuna kuthiridwa madzi ozizira nthawi yomweyo mpaka atsike pansi pa 39.

Komabe tisaitenge HRV ngati ula. Ili ndi misampha yambiri, ndipo ina ndi ya kuno kwathu. Waukulu ndi atropine yemweyo. Womwa Temik kapena mankhwala a thonje amalandira atropine wochuluka, ndipo n'koyenera, chifukwa ndiye amapulumutsa moyo wake. Koma atropine amatseka vagus, choncho mtima wake udzathamanga mowongoka bii ngakhale ubongo uli bwinobwino. Amatsekanso thukuta, moti wodwala ameneyu m'wodi ya madigiri 40 amatentha msanga kuposa wina aliyense. Ndi woyenera chitenje chonyowa thupi lisanayambe n'kukwera komwe. Diripi ya adrenaline, ketamine, diazepam ndi mankhwala ena ogonetsa amasinthanso HRV. Matenda a shuga a nthawi yaitali, HIV, tizilombo m'magazi ndi ukalamba zimaitsitsa munthu asanadwale n'komwe. Mtima wa atrial fibrillation, umene timauona mwa achinyamata owonongeka mavavu a mtima ndi matenda a rheumatic, umadumphadumpha mwachisawawa. Nambala yake idzakhala yaikulu koma yopanda tanthauzo. Ngakhale kugunda kumodzi kongolowerera pakati kungakweze RMSSD ya mphindi 5, choncho kuyenera kuchotsedwa ndi munthu amene waona mzerewo ndi maso.

Palinso msampha wa masamu. Mtima ukamagunda pang'onopang'ono mipata imatalika, ndipo mipata yaitali imasiyana ndi mamilisekondi ochuluka mwachibadwa. Choncho gawo lina la kukwera kwa HRV mwa oziziritsidwa likuchokera ku kuchedwa kwa mtimako, ndipo simungayerekeze nambala ya pa madigiri 33 ndi ya pa 37 ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Makina opumira nawonso amalowerera. Mafunde ofulumira, amene amaonetsa vagus, amafanana ndi kupuma ka 9 mpaka 24 pamphindi; mukatchera makina pansi pa 9, mafundewo amagwera m'gulu la ochedwa ndipo kompyuta imakuuzani zabodza. Nambala yodziwika kuti LF/HF, yoyerekeza mafunde ochedwa ndi ofulumira, imene mapulogalamu ambiri amaitulutsa ngati sikelo ya mitsempha iwiri ija, akatswiri ambiri anasiya kuikhulupirira, ndipo ifenso tikuti musaipatse ulemu.

Nambala yaikulu ya pa monita si HRV. Ndi avereji ya kugunda kangapo, yosalazidwa kale. Kachipangizo ka pachala ndi mawotchi olumikiza ku foni zimadalira magazi a m'khungu, amene mwa wodwala wozizira kapena wa pa adrenaline amakhala atathawira m'kati. Chimene tingathe lero ndi pepala la ECG. Likamayenda mamilimita 25 pa sekondi, kabokosi kakang'ono kamodzi ndi mamilisekondi 40, ndipo mphindi imodzi imadya mita imodzi ndi theka. Sindikizani mzere wolembedwa kuti lead II wodwala ali phee, osati mutangomuyamwa makhololo kapena kumutembenuza. Yezani mpata wautali kwambiri ndi waufupi kwambiri, lembani pambali pake ola, kutentha kwa thupi, mankhwala amene akulowa, ndi kapumidwe ka makina. Bwerezani m'mawa ndi madzulo. Kusiyana kwa timabokosi tiwiri kapena titatu koyenda ndi kupuma ndi chizindikiro cholimbikitsa. Kusiyana kochepera kabokosi kamodzi pepala silingakuoneni bwino, ngakhale mutaliyendetsa pa 50, pamene kabokosi ndi mamilisekondi 20. Ndi muyezo wokhakhala, koma kuona kumene ukulowera pa masiku atatu kumaphunzitsa zambiri kuposa nambala imodzi.

Chimene tikuchitsindika ndi mtima wonse ndi ichi: palibe amene ayenera kuuzidwa kuti m'bale wake sadzadzuka chifukwa cha HRV. Malangizo a mu 2021 a ku Ulaya amati chigamulo chidikire maola osachepera 72 kuchokera pamene mtima unayambiranso, wodwala atafunda ndipo mankhwala ogonetsa atatha m'thupi, ndiponso pakhale zizindikiro ziwiri kapena kuposa zogwirizana: maso osayankha kuwala ndiponso osaphethira akakhudzidwa, kugwedezeka kwa thupi kosalekeza koyamba m'masiku atatuwo, EEG (muyezo wa mafunde a ubongo) yoipa kwambiri, CT kapena MRI yoonetsa ubongo wowonongeka ponseponse, ndi miyezo ina ya m'zipatala zazikulu. HRV mulibe pamndandandawo. Kuno tili ndi tochi ndi kadontho ka madzi a diripi oyezera maso, choncho tiyenera kudekha kuposa anzathu a makina ambiri. Chiwindi chozizira chimachedwa kuchotsa mankhwala, ndipo diazepam amasiya zotsalira zake m'thupi kwa masiku angapo. Wodwala angaoneke ngati ubongo wafa pamene ali m'tulo ta mankhwala athu omwe. Atropine nayenso amatukumula mboni za maso. Ndipo ena, pakapita masiku, amayamba kugwidwa ndi nyengo za thukuta lochuluka, mtima kuthamanga, BP kukwera, thupi kutentha ndi kuumitsa manja, zoyamba mwadzidzidzi akangokhudzidwa. Imeneyo ndi mitsempha yofulumizitsa ija itataya woiwongolera. Yezani malungo ndithu, koma akapanda kupezeka musangosinthasintha maantibayotiki. Morphine ndi propranolol ndi amene amathandiza.

Wotumizidwa ku Queens ku Blantyre, kaya ulendo wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Chikwawa kapena woposa 170 kuchokera ku Nsanje, asapite wofunditsidwa mabulangeti m'galimoto yotseka mawindo masana. Apite ndi chitenje chonyowa, botolo la madzi, themomita, ndi pepala lolembedwa ola limene mtima unaima, mphindi zimene zinatha usanayambirenso, mankhwala onse ndi ola lake, ndi zidutswa za ECG zija. Mpweya wa m'magazi ukhale pakati pa 94 ndi 98 pa 100, ndipo wofinya ambu bag asapitirire ka 10 kapena 12 pamphindi, chifukwa kupumitsa mothamanga kumafinya mitsempha ya magazi ya mu ubongo.

Pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo ndi laling'ono. Monita iliyonse yogulidwa ibwere ndi chingwe choyezera kutentha kwa m'kati ndi mapepala a ECG okwanira. Chipinda cha odwala kwambiri m'chipatala chilichonse cha kuchigwa chikhale ndi siling'i, fani ya sola, ndi firiji yakeyake ya madzi oundana, kuti tisamakhudze ya katemera. Sukulu zophunzitsa anamwino ndi ma clinical officer ziwonjezere tsamba limodzi la chisamaliro cha maola 72 pa maphunziro a kutsitsimutsa odwala, amene nthawi zambiri amathera pomwe mtima wayambiranso. Kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences tikuti: mamonita ambiri amatha kusunga mzere wa ECG, ndipo mapulogalamu owerengera HRV alipo aulere. Bwerani mudzayeze odwala omira, oombedwa ndi mphenzi ndi omwa mankhwala a m'munda, m'wodi ya madigiri 40, kuyambira Okutobala uno.

Ndife,
Ogwira ntchito zachipatala,
Chikwawa ndi Nsanje